Dzuwa Tiri Nalo, Cosowa ndi Nkhokwe

Ndiyambe ndi kuulula cimene cinandicitikira ine mwini, pakuti nkhani ya mwezi uno inabadwira m'manyazi anga. M'caka ca 2024, pamene magetsi anali kuzima usana ndi usiku, ndinatenga tindalama timene tinali kusungira feteleza ndi kupita m'tauni kukagula sola imodzi, inveta, ndi batire lalikulu lakuda, lolemera koposa theka la thumba la simenti. Wogulitsa analumbira kuti batirelo lidzakhala zaka zisanu. Masabata oyamba tinali mafumu m'komboni mwathu. Ana anali kuwerenga pa kuwala, anansi anali kubwera kudzachaja mafoni ao, ndipo amai a kunyumba analeka kugula makandulo. Koma isanathe miyezi isanu ndi itatu batire lija linayamba kufooka. Linali kuyaka dzuwa litalowa ndi kuzima tisanatsirize kudya nsima. Tinabwerera ku makandulo, feteleza tiribe, ndipo kwa masiku angapo m'nyumba munalibe wondiseka kapena wondilankhula.

Sola ija inalibe mlandu. Kufikira lero iri pa denga, ndipo dzuwa likatuluka imagwira nchito yake mosanyinyirika. Cimene cinalephera ndi cosungiramo. Nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndinapeza kuti vuto la pa nyumba panga ndilo vuto limene likusowetsa tulo akatswiri a sayansi m'maiko ambiri.

Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinaliri. Pa nthawiyo magawo oposa 80 pa 100 aliwonse a magetsi a m'Zambia anali kucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Pofika mwezi wa Okutobala, pa makina 6 opukusa magetsi ku Kariba, tsidya lathu lino, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira, ndipo madera ambiri anali kukhala maola ofika 21 pa tsiku opanda magetsi. Zigayo zinaima, atelala anapinda manja, nyama ndi nsomba zinaola m'mafiriji, ndipo mitengo yambiri inagwa kuti ikhale makala. Codabwitsa ncakuti dzuwa limene linaumitsa nyanja ija linali kuwala tsiku lonse pa madenga athu, mphamvu yake nkumangopita pacabe.

Mlimi aliyense akudziwa kuti kukolola ndi kusunga ndi nchito ziwiri zosiyana. Munthu angathe kudzaza ngolo zambiri mu Meyi, koma ngati nkhokwe yake ndi yodontha kapena yodzala anankafumbwe, adzagona ndi njala mu Febuluwale. Magetsi ndi ovuta kusunga koposa cimanga, cifukwa akapangidwa ayenera kugwiritsidwa nchito nthawi yomweyo. Dzuwa limapatsa masana, koma banja limafuna kuwala madzulo. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya m'caka ca 2015, polimbikitsa maiko kutembenukira ku mphamvu zosatha monga dzuwa ndi mphepo, anachulanso kuti njira zokwanira zosungira mphamvuzo zinali zisanapezeke. Papita zaka zoposa 10 cilembere mau amenewo, ndipo zambiri zasintha. Tiyeni tione munda poyamba, kenaka tione nkhokwe.

MUNDA WA PA DENGA

Sola ndi galasi lophimba timapale topyapyala ta silikoni, cinthu cimene amayenga kucokera ku mwala woyera wa mtundu umodzi ndi mcenga. Kuwala kukagwa pa silikoni kumasuntha tinthu tating'onoting'ono tochedwa maelekitironi, ndipo kuyenda kwa tinthuti m'waya ndiko timati magetsi. Sola yoyamba yothandizadi inapangidwa ku Bell Laboratories, ku America, m'caka ca 1954, ndipo pa magawo 100 a mphamvu ya dzuwa yogwa pa iyo inali kukolola 6 okha. Masola amene tikugula masiku ano amakolola pakati pa 20 ndi 23. Koma silikoni iri ndi malire ake, pafupifupi 29, amene singadutse ngakhale aikonze motani. Cifukwa cake ndi ici: kuwala kwa dzuwa ndi msanganizo wa mitundu yonse imene timaona mu utawaleza, ndipo silikoni imagwiritsa bwino nchito mbali yofiira, pamene gawo lalikulu la mphamvu ya mbali yobiriwira ngati thambo limangosanduka kutentha.

Apa ndi pamene palowera cinthu catsopano cochedwa perovskite. Dzinali ndi la mwala wina umene unapezeka ku mapiri a Ural ku Russia m'caka ca 1839, koma cimene akatswiri akugwiritsa nchito ndi mankhwala opangidwa ndi manja ao, amene m'kati mwake ndi oumbika mofanana ndi mwalawo. Amawapaka pa galasi monga penti, mopyapyala koposa tsitsi la munthu ka 100. M'caka ca 2009 Tsutomu Miyasaka ndi anzake ku Japan anakolola nao magawo 3.8 okha pa 100, ndipo ambiri sanasamaleko. Lero adutsa 26. Ulendo umene silikoni inayenda zaka zoposa 50, perovskite yauyenda m'zaka 15.

Nzeru yaikulu tsono ndi kuphatikiza ziwirizi, monga mmene amai amabzalira maungu pansi pa cimanga kuti munda umodzi upatse zokolola ziwiri. Perovskite amaiika pamwamba kuti itenge mbali yobiriwira ya kuwala, ndipo yofiira imapyola nkukagwidwa ndi silikoni pansi pake. Mwa njira imeneyi kampani ya LONGi ya ku China inafika pa magawo 34.85 mu Epulo 2025, ngakhale kuti kanali kacidutswa koyesera, kakang'ono ngati cikhadabo. Kampani ya Oxford PV inagulitsa masola oyamba a mtundu umenewu mu Seputembala 2024, okolola magawo 24.5.

Komabe akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Perovskite imaonongeka msanga ndi cinyezi ndi kutentha, ndipo yabwino koposa iri ndi mtovu pang'ono, umene ndi poizoni. Sola ya silikoni amaitsimikizira zaka 25, ndipo perovskite sinaonetsebe kuti ingapirire zaka zotere pa denga la malata la ku Luangwa mu Okutobala. Cotero banja lisadikire. Mtengo wa masola a silikoni unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munda tiri nao kale, ndipo ndi wochipa.

NKHOKWE ZAKALE NDI ZATSOPANO

Batire liri lonse liri ndi mbali ziwiri, ndipo pakati pake pali mankhwala, kawirikawiri amadzimadzi. Pochaja, magetsi amakankha tinthu tina kucoka ku mbali imodzi kupita ku inzake, monga munthu wosenza madzi kukwera nao phiri. Tikayatsa nyale, tinthuto timatsetsereka kubwerera kwao, ndipo pobwerera timabweza mphamvu ija. Kufufuza konse kwa akatswiri kwagona pa funso limodzi: kodi mbali ziwirizo zimangidwe ndi ciani kuti zisunge zambiri, zikhalitse, zisagwire moto, ndiponso zisadule?

Batire limene ndinagula ine linali la mtovu ndi asidi, mtundu umodzi ndi la galimoto. Nzeru yake ndi yakale ndithu, ya Gaston Planté wa ku France, ya m'caka ca 1859. Ndi lochipa pogula, koma liri ndi khalidwe limene wogulitsa sanandiuze, nanenso sindinafunse: silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka. Ukalikhuthula kotheratu usiku uliwonse, monga tinali kucitira ife, limafa litangodzazidwa maulendo mazana owerengeka. Safunsa anadya phula.

Mabatire a m'mafoni athu ndi a mtundu wina, a lithiamu, citsulo copepuka koposa zitsulo zonse. Anthu atatu ndiwo anatsegula njira yake: Stanley Whittingham m'zaka za m'ma 1970, John Goodenough ku Oxford m'caka ca 1980, ndi Akira Yoshino ku Japan m'caka ca 1985. Kampani ya Sony inayamba kuwagulitsa m'caka ca 1991, ndipo atatuwo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2019, Goodenough ali nkhalamba ya zaka 97. Cimene Goodenough anapeza ku Oxford ncakuti mbali imodzi ya batire ikamangidwa ndi kobalti imasunga mphamvu yoculuka. Koma kobalti ndi wodula, ndipo magawo pafupifupi 70 pa 100 a kobalti wa dziko lonse lapansi amacokera kwa anansi athu ku Congo, kumene wina amakumbidwa ndi manja m'maenje oopsa a ku dera la Kolwezi, nthawi zina ndi ana. Ndiponso mabatire a kobalti akatenthedwa kapena kuboola angathe kugwira moto wovuta kuzima.

Yankho linacokeranso kwa Goodenough yemweyo. M'caka ca 1997 iye ndi omuthandiza ake ku Texas anaonetsa kuti m'malo mwa kobalti mungathe kulowa citsulo wamba, conga ca khasu, pamodzi ndi fosifeti, amene alimi timamudziwa m'feteleza wokulitsa mizu. Mabatire otere amalembedwa LFP kapena LiFePO4. Poyamba ananyozedwa, cifukwa anali kusunga mphamvu yocepa poyerekeza ndi kulemera kwao, ndipo magetsi sanali kuyendamo bwino. Ofufuza anaphunzira kupera mankhwalawo kukhala ufa wosalala kwambiri ndi kukuta kanjere kalikonse ndi kaboni, ndipo mafakitale a ku China anayamba kuwapanga mwaunyinji. Batire la LFP lingathe kudzazidwa ndi kukhuthulidwa maulendo oposa 3,000, ndiko kuti tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 8. Limalola kukhuthulidwa magawo 80 kapena 90 pa 100, ndipo siligwira moto msanga. M'caka ca 2024 pafupifupi theka la mabatire a magalimoto amagetsi ogulitsidwa pa dziko lonse anali a LFP, ndipo nkhokwe zazikulu zambiri zimene maiko akumanga pafupi ndi minda ya masola ndi za mtundu womwewu.

Nanga mtengo? Tiyeze ndi yuniti, yomwe ija timagula kuti tiike m'mita. M'caka ca 2010 batire la lithiamu losunga yuniti imodzi linali kudula madola a ku America oposa 1,000. Bungwe la BloombergNEF, limene limatsata mitengoyi caka ndi caka, linapeza kuti m'caka ca 2024 mtengowo unali utatsika kufika pa madola 115. Umenewu ndi mtengo wa ogula zambiri ku fakitale, ndipo pofika m'sitolo ya ku Chipata kapena ku Kamwala umakhala utakwera ndithu. Komabe njira imene ukulowera ikuoneka.

MCERE, DZIMBIRI NDI MCENGA

Ofufuza sanaimire pamenepo. Atacotsa kobalti, tsopano akuyesa kucotsa lithiamu yemwe. Mbale wake wa lithiamu ndi sodiamu, amene ali mu mcere wa m'ndiwo zathu, ndipo m'nthaka ya dziko lapansi alimo woculuka koposa lithiamu pafupifupi ka 1,000. Vuto lake linali lakuti tinthu ta sodiamu ndi tonenepa, sitilowa bwino m'malo amene lithiamu amalowa. Akatswiri anapeza kuti kaboni wina wolimba, amene angapangidwe mwa kuwocha zinthu monga zikamba za kokonati pa moto waukulu wopanda mpweya, ali ndi timapanga tokwanira kusungamo sodiamu. Kampani ya CATL ya ku China, imene imapanga mabatire ambiri koposa ina iri yonse, inaonetsa batire lake loyamba la sodiamu mu Julaye 2021, ndipo mu Epulo 2025 inalengeza lina limene mphamvu yake yayandikira ya LFP. Ku Qianjiang, m'cigawo ca Hubei ku China komweko, nkhokwe ya sodiamu yosunga mayuniti 100,000 inayamba kugwira nchito pakati pa caka ca 2024. Mabatire a sodiamu akali olemera pang'ono, ndipo sanachipe kuposa a LFP cifukwa mafakitale ake akali ocepa. Koma batire lokhala pansi m'nyumba kapena pa cipatala ca kumudzi silisenzedwa ndi munthu, motero kulemera si mlandu waukulu.

Ena atembenukira ku cinthu cimene tonse timadana naco, ndico dzimbiri. Citsulo cikamacita dzimbiri cimatulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Kampani ya Form Energy ya ku America yapanga batire limene limalola citsulo kucita dzimbiri pamene magetsi akufunika, ndipo dzuwa kapena mphepo zikaculuka, magetsi otsala amabweza dzimbiri lija kukhalanso citsulo. Zofunika zake ndi citsulo, madzi ndi mpweya. Linapangidwa kuti lipereke magetsi kwa maola 100, ndiwo masiku anai, pamene nkhokwe zambiri za lithiamu zimapereka maola 4 cabe. Fakitale yake anaimanga ku Weirton, tauni yakale ya osula zitsulo. Kuipa kwake nkwakuti gawo lalikulu la magetsi amene mwaikamo limatayika pa njira, ndipo likali pa ciyambi ca kuyesedwa.

Ku Finland, dziko lozizira kwambiri, asankha kusunga kutentha kumene. M'caka ca 2022, ku Kankaanpää, anadzaza nkhokwe yacitsulo ndi matani 100 a mcenga, ndipo magetsi akachipa amautenthetsa kufika madigiri pafupifupi 500, kuti pambuyo pake ufunditse nyumba za anthu. Ife sitisowa zofunditsa nyumba, koma amene amaumitsa fodya ndi nkhuni angaone kumene nzeru yotere ingatithandize m'tsogolo.

Mukayang'ana njira zonsezi muona kuti zikulowera kumodzi. Nkhokwe ya magetsi inayamba kumangidwa ndi zinthu zosowa ndi zodula, ndipo tsopano ikumangidwa ndi zinthu wamba: citsulo, fosifeti, mcere, kaboni, mcenga. Ndi cifukwa cake mtengo ukutsika, ndipo ndi cifukwa cake nkhaniyi yafika pakhomo pathu.

NKHOKWE YATHU YAIKULU

Tisanamizane, palibe batire limene lingasunge magetsi a dziko lonse kucokera mu Epulo kufika mu Disembala. Batire limaolotsa munthu usiku umodzi, mwina masiku anai, pamene cilala cimakhala miyezi. Nkhokwe yokhayo ya msinkhu umenewo tiri nayo kale, ndiyo nyanja ya Kariba, pamodzi ndi Itezhi-Tezhi. Madzi oima kuseri kwa khoma ndi magetsi osungidwa. Yuniti iri yonse imene dzuwa lapereka masana ndi madzi amene sanatsegulidwe, amene angatsegulidwe madzulo, kapena kusungidwa kufikira Novembala. Dzuwa ndi damu zikagwirizana, cimodzi cimapumitsa cinzake.

Nchito imeneyi inayamba. M'caka ca 2019 ku Lusaka kunatsegulidwa minda iwiri ya masola, wina wochedwa Bangweulu wa mamegawati 54, wina Ngonye wa 34. Ku Kitwe munda wa Itimpi wa mamegawati 60 unatsegulidwa m'caka ca 2024, ndipo ku Chisamba wa mamegawati 100 mu Juni 2025. Koma tiyeze bwino. Makina a ku Kariba tsidya lathu ndi a mamegawati 1,080, ndipo madzi akakhalapo amazungulira usana ndi usiku, pamene munda wa masola umagona dzuwa likalowa. Ulendo ukali wautali, ndipo anthu ambiri a kumidzi sanalumikizidwe nkomwe ku mawaya a dziko. Kwa iwowa sola ndi batire labwino ndiyo njira yapafupi yopezera kuwala m'cipinda cobadwiramo ana ndi firiji yosungiramo katemera.

NANGA MIGODI YATHU?

Kusintha kwa zomangira mabatire kukukhudza mphika wa dziko lathu. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo zinasainirana pangano ku Lusaka lakuti zigwirizane kukonza zopangira mabatire kuno kwathu, m'malo motumiza miyala yosayenga kunja. Colinga ncabwino. Koma amene akuwerengera kobalti yekha acenjere, pakuti LFP ndi sodiamu sizimufuna nkomwe. Mtengo wa kobalti unagwa kotero kuti mu Febuluwale 2025 boma la Congo linaimitsa kaye kumugulitsa kunja. Ngakhale mkuwa wathu sulowa pali ponse, cifukwa m'batire la sodiamu aluminiyamu angathe kutenga malo amene mkuwa umakhala m'batire la lithiamu.

Komabe mkuwa uli ndi mwai waukulu kunja kwa batire. Mawaya, matiransifoma ndi mainjini amagetsi onse amaufuna, ndipo galimoto yamagetsi imadya mkuwa woposa kawiri wa galimoto ya petulo. M'caka ca 2024 Zambia inakumba matani oposa 800,000. Tirinso ndi manganizi ku Luapula ndi ku Serenje, ndipo ofufuza apeza kuti kuthira manganizi m'batire la LFP kumaonjezera mphamvu yake. Acikulire akukumbukira fakitale ya mabatire a tochi ndi a wailesi ya ku Mansa, imene inali kugwiritsa nchito manganizi wa komweko mpaka inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Anansi athu a ku Zimbabwe, amene ali ndi lithiamu ku Bikita ndi kwina, analetsa mu Disembala 2022 kutumiza kunja mwala wosakonza. Phunziro lake nlakuti mwala umene ukufunidwa lero ungaiwalike mawa, koma mwana amene waphunzira kuyenga, kuyeza ndi kukonza adzapeza nchito ngakhale zomangira zisinthe kangati. Makolo amene ana ao amakonda masamu ndi sayansi awalimbikitse, atsikana ndi anyamata omwe.

ZOYENERA KUDZIWA BANJA LISANAGULE

Tsono tibwerere kunyumba. Musanapite ku sitolo, khalani pansi ndi kuwerengera. Batire lolembedwa 12V ndi 100Ah limasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, ndiyo 1.2. Likakhala la mtovu, gawo lanu ndi theka cabe, 0.6. Mababu anai a LED a mawati 5, oyaka maola 5, amadya 0.1. Wailesi yakanema ya mawati 60 kwa maola 4 imadya 0.24. Mafoni amadya zocepa kwambiri. Zonsezi zikwana. Koma mbale imodzi ya citofu camagetsi, ya mawati 1,500, ingamalize gawo lanu lonse isanathe theka la ola, nyemba zisanayambe nkomwe kufewa. Simbi yamagetsi ndi ketulo ziri cimodzimodzi.

Funsani wogulitsa kuti batire ndi la mtundu wanji, ndipo muone ndi maso anu zolembedwa pa ilo. Funsani kuti lingadzazidwe maulendo angati, ndipo citsimikizo cilembedwe pa pepala lokhala ndi cidindo. La LFP ndi lodula pogula, koma mukagawa mtengo wake ndi zaka zimene lidzakhala, mupeza kuti la mtovu ndilo lodula, cifukwa mudzaligula katatu kapena kanai m'nthawi yomweyo. Onetsetsani kuti inveta ndi kacipangizo kolamulira kuchaja nzogwirizana ndi mtundu wa batire lanu, ndipo wolumikiza akhale munthu wophunzira nchitoyo. Liikeni pa malo ozizira, opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi pogona ana, pakuti kutentha kumafupikitsa moyo wa batire liri lonse.

Cotsiriza ndico cacikulu. Batire likafa, lisasanduke coseweretsa ca ana, ndipo musalole munthu kuliswa kapena kusungunula mtovu wake pabwalo panu. Ife a m'Zambia tikudziwa bwino za mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lake likali m'nthaka ya makomboni oyandikana nao ndi m'magazi a ana ambiri. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakacetecete, ndipo cimene waononga sicibwerera. M'caka ca mdima cija mabatire a mtovu ambirimbiri analowa m'nyumba zathu, ndipo oculuka a iwo afa kale kapena ali pafupi kufa. Tikawataya pa dzala, tidzabzala Kabwe wamng'ono kuseri kwa nyumba iri yonse. Abwezeni kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale ndi kuwatumiza kokawasungunula moyenera. A lithiamu nawonso asaponyedwe pa moto kapena m'cimbudzi.

Langa lija linakhala miyezi ingapo kuseri kwa citseko, ndikucita manyazi kuliyang'ana, mpaka tsiku limene ndinapeza mdzukulu wanga akuyesa kutsegula tizitsekero take ndi supuni. Mawa lake ndinalikweza pa njinga ndi kukalisiya kwa ogulitsa mabatire a galimoto, ndipo anandipatsako kandalama. Tsopano talowa cilimba ndi mabanja anai a m'dera lathu, ndipo aliyense ikafika nthawi yake adzagula la LFP. Amai a kunyumba avomera, koma anena kuti ulendo uno pepala la citsimikizo adzasunga okha, ndipo ndalama za feteleza sizidzakhudzidwa.